Nchito Ikatha ku Walale, Mtolo Umafika Kumudzi

Ndi nyumba zowerengeka cabe muno m'cigawo ca Kum'mawa zimene zilibe munthu wao ku walale. Wina ali ku migodi ya Chingola kapena Mufulira, wina ali kulondera sitolo ku Lusaka, wina ali kudula nzimbe ku Nakambala, winanso ndi mtsikana amene ali kulera ana a eni ake ku Kabulonga. Tonse timawachula monyadira pamene tili kuceza, ndipo timawakumbukira msanga feteleza akafunika. Koma za umo amagonera usiku pamene mbiri yamveka kuti kampani ili pafupi kucepetsa anchito, kapena za cimene tidzacita tsiku limene adzatsika basi pa Katete ndi matilesi ndi mapoto, zimenezo sitikamba. Mlungu uno tikambe zimenezi, pakuti cakudza siciimba ng'oma.

Kupita kutali kukafuna nchito si kwacilendo kwa ife. Makolo athu anayenda pansi kunka ku Salisbury, ku Wankie ndi ku Joni kukafuna ndalama ya msonkho, ndipo migodi ya mkuwa itatsegulidwa m'zaka za m'ma 1930 njira inakhotera ku Luanshya, Nkana, Mufulira ndi Nchanga. Ambiri anali kupita ndi mtima wobwerera, ndipo osabwerera tinawacha machona. Koma pambuyo pa ufulu wa 1964 mgodi unasanduka mudzi weniweni wa munthu, pakuti kampani inali kupereka nyumba, madzi, magetsi, cipatala, ngakhale bwalo la mpira. M'zaka za m'ma 1970 anchito a m'migodi anali oposa 60,000. Mtengo wa mkuwa unagwa mu 1975 ndipo sunadzukenso bwino kwa zaka zambiri. Mu 1982 makampani awiri a NCCM ndi RCM anaphatikizidwa kukhala ZCCM, ndipo pamene Boma linatsiriza kugulitsa migodi ya ZCCM mu Malichi 2000, anchito otsala sanali kufika ngakhale theka la ciwerengero cija.

Ndipo si migodi ya mkuwa yokha. Namboard, imene alimi acikulire akuikumbukira bwino, inathetsedwa mu 1989. Mgodi wa Kabwe unatsekedwa mu 1994, ndipo m'caka comweco ndi cotsatira cake Zambia Airways ndi kampani ya mabasi ya UBZ zinagwa. Mgodi wa Luanshya unagulitsidwa mu 1997, unaima mu 2000, unadzukanso, ndi kuimanso kumapeto kwa 2008 pamene malonda anasokonezeka pa dziko lonse lapansi. Mu 2015 kampani ya Mopani inacotsa anchito pafupi-fupi 4,000. Mu 2020 mliri wa Covid-19 unatseka mahotela ndi malo ogona alendo, kuphatikizapo a ku Mfuwe kwathu konkuno, ndipo cilala ca 2024, cimene cinacepetsa madzi pa Kariba, cinasiya ometa tsitsi, owocherera zitsulo ndi a zigayo atangokhala kusowa magetsi.

Ndachula zaka zonsezi ndi colinga. Kumudzi munthu akathedwa nchito timafulumira kufuna cifukwa pa thupi lake: kapena anaba, kapena anali waulesi, kapena ndi mowa, kapena wina wa pabanja anamuyendera kwa ng'anga. Zoona, alipo ocotsedwa kaamba ka mlandu. Koma ambiri mwa anthu zikwi-zikwi amene ndachulawa analibe mlandu uliwonse. Mtengo wa mkuwa umapangidwa pa msika wa ku London, kumene dzina la mwana wanu silinamvekepo. Ukatsika kumeneko, kalata imalembedwa ku Kitwe, ndipo misozi imagwa ku Chadiza. Banja limene lamvetsa zimenezi layamba kale kuthandiza munthu wao, pakuti silidzataya mbuzi kulipira woombeza, ndiponso silidzaloza cala nkhalamba yosalakwa.

Tiyambe ndi uyo amene nchito akali nayo. Ambiri a ife timayesa kuti wolandira malipiro pa mwezi alibe nkhawa. Koma taganizani za munthu amene amatsikira pansi pa nthaka mamita oposa 1,000 pamene anzake ali kugona, kapena mlonda amene amaima maola 12 pa geti, kapena namwino mmodzi pakati pa odwala odzaza cipinda, kapena wa m'sitolo amene pangano lake la nchito limatha miyezi 6 iliyonse ndipo sadziwa ngati adzalembedwanso. Kumene anchito acepetsedwa, otsala amasenza nchito ya anthu atatu, ndipo sadandaula poopa kuti dzina lao lidzakhala loyamba pa mndandanda wotsatira. Pamwamba pa kutopa pali kapitao wolalata, pali lendi, pali ngongole ya kaloba imene imadya malipiro asanafike m'thumba.

Thupi la munthu linapangidwa kuti likaona coopsa mtima uthamange, minofu ikungike, tulo tithawe. Ndi zimene zimapulumutsa mlenje akakumana ndi njati. Koma njati imapita, ndipo mlenje amakhala pansi napuma. Nkhawa ya pa nchito siipita, ndipo thupi lokhala cikungire miyezi ndi miyezi limayamba kuonongeka. Munthu amasowa tulo, mutu umamuwawa kosalekeza, msana ndi m'mimba zimapweteka, amaiwala-iwala, amapsa mtima pa kanthu kakang'ono, magazi amathamanga, ndipo mowa umene anali kumwa Loweruka lokha amayamba kuufuna tsiku ndi tsiku. Pa nchito ya makina munthu wosagona ndiye amadula cala, ndipo pa mseu ndiye amagwetsa lole. Bungwe la za umoyo pa dziko lonse la WHO linanena mu 2022 kuti masiku a nchito okwana 12 biliyoni amatayika caka ciliconse kaamba ka nkhawa ndi kuvutika maganizo. Cotero amenewa si matenda a azungu kapena a mabwana a m'maofesi okha ai.

Tsono apa mpamene ife a kumudzi tiyenera kudzifunsa. Kale kalata yopempha ndalama inali kuyenda milungu iwiri, ndipo yankho lake milungu ina iwiri. Munthu anali kupeza mpata wopuma. Lero lamya ili m'thumba, ndipo ndalama zimatumizidwa pa lamya pomwepo. Mwezi usanathe amai aimba za mafuta ndi sopo, mlongo aimba za yunifomu ya mwana, amalume aimba za mlandu wa ng'ombe zimene zadya cimanga ca eni, msuwani waliza lamya katatu ndi kudula kuti amuimbire. Aliyense ayesa kuti wapempha yekha. Palibe ndi mmodzi yemwe amene wafunsa kuti, "Kodi muli kugona bwino? Nanga nchito ili kuyenda bwanji?" Ndipo iye, poopa kuchedwa woumira kapena woiwala kwao, amakakongola kuti atumize. Ambiri amene amafika pa Khirisimasi atavala suti ndi kunyamula shuga wa mudzi wonse amabwerera kukapeza mwini kaloba ali pakhomo.

Sindikunena kuti mwana aleke kuthandiza makolo ake. Mwambo umenewo ndiwo watisunga pa njala zambiri. Ndikunena kuti banja likhale pansi, monga umo timakhalira pokonza za ukwati kapena za maliro, ndi kupangana. Zopempha zonse zidzere kwa munthu mmodzi, kaya mwini mbumba kaya mai wamkulu. Zikhale ndi nyengo yake: mbeu ndi feteleza mvula isanagwe, za sukulu potsegulira temu, za matenda pamene agwa. Ndipo gawo lina la ndalama zimene amatumiza lisadyedwe, koma ligule cinthu cimene cidzachedwa cake: ng'ombe yaikazi, mbuzi, malata, njerwa. Pali mabanja amene alandira ndalama zaka 20, koma mwini ndalamazo pobwera anasowa ngakhale khumbi lolowamo, ndipo ng'ombe zimene anali kuuzidwa kuti zaswana anapeza kuti zonse "zinafa ndi matenda". Munthu wodziwa kuti kwao kuli kanyumba ndi khola amapirira zovuta za pa nchito ndi mtima wina, pakuti kwa iye kalata ya bwana siikhala imfa.

Kwa inu anchito amene nyuzi ino imakupezani m'tauni, mau anga ndi ocepa. Tengani chuthi canu, musacigulitse caka ndi caka. Lamulo la za nchito la 2019 linaika masiku awiri pa mwezi uliwonse umene mwagwira. Lowani m'bungwe la anchito, monga Mineworkers Union of Zambia kwa a m'migodi, pakuti dandaulo la munthu mmodzi limathera pa khonde la ofesi. Kapimitseni BP ku kiliniki ngakhale simukumva kudwala. Uzani akazi anu, kapena amuna anu, malipiro anu enieni ndi ngongole zanu zenizeni. Ndipo phunzirani kunena kuti "mwezi uno ndilibe". Mau amenewa sanaphepo wacibale.

Tsono tinene kuti kalata yafika. Masiku oyamba munthu amakhala ngati wamenyedwa ndi mphezi. Ena amaseka, ena amangoti duu, ena amadzuka m'mamawa, navala za kunchito, nakakhala tsiku lonse pa siteshoni ya basi kuti mkazi ndi anansi asadziwe. Ndi m'masiku omwewa mmene munthu amasaina mapepala osawerenga, cotero wacibale wodziwa kuwerenga akhale naye pafupi. Lamulo lija la 2019, lochedwa Employment Code Act, limati ngati munthu acotsedwa kaamba kakuti kampani yatseka kapena yacepetsa malo a nchito, wolemba nchito ayenera kucenjeza masiku osacepera 30, ayenera kudziwitsa ofesi ya Boma ya za nchito, ndipo ayenera kulipira ndalama zosacepera malipiro a miyezi iwiri pa caka ciliconse cimene munthuyo wagwira. Limatinso ngati ndalamazo sizinaperekedwe pa tsiku lotsiriza, malipiro a pa mwezi apitirire kufikira zitaperekedwa. Mapangano a nchito ndi osiyana-siyana, ndipo pali magulu ena a anchito amene malamulo ao ndi ena. Ndico cifukwa cake ofisala wa za nchito alipo pa Boma, ndipo kufunsa kwa iye nkwaulere. Wofuna kukadandaula ku khoti la milandu ya anchito, limene kuyambira 2016 ndi nthambi ya High Court, asacedwe, pakuti nthawi yoikika ndi masiku 90. Ambiri amataya mlandu wabwino kaamba kokhala miyezi isanu akudikira lonjezo la pakamwa.

Mapepala asungidwe monga umo timasungira mbeu: kalata yolembedwera nchito, kalata yocotsedwera, timapepala ta malipiro, nambala ya NAPSA. Kutha kwa nchito sikufafaniza zimene munthu anasonkha ku NAPSA, bungwe limene linalowa m'malo mwa Provident Fund mu 2000. Wosonkha miyezi 180 amalandira penshoni ya mwezi ndi mwezi akafika msinkhu wopumira, ndipo wosafikitsa miyeziyo amalandira zake pamodzi. Nkofunika kupita ku ofesi yao kukaona ngati kampani inali kutumizadi ndalama zimene inali kudula pa malipiro, pakuti ena amazindikira atakalamba kuti miyezi yambiri njopanda kanthu. Kuyambira Epulo 2023 munthu amene wasonkha miyezi 60, kapena wakwanitsa zaka 45, aloledwa kutapako 20 peresenti kamodzi kokha. Cithandizo cimeneci ncabwino, koma tikumbuke kuti ndi kutapa m'nkhokwe ya ukalamba. Wotapa kuti agule ng'ombe zolimira wacita mwanzeru kuposa wotapa kuti akonze phwando. Ndipo amene anagwira pansi pa mgodi asabwere kumudzi osapimitsa cifuwa ku Occupational Health and Safety Institute ku Kitwe, pakuti fumbi la miyala limaonekera m'mapapo patapita zaka, ndipo cipepeso ca Workers' Compensation cimafuna umboni wa madokotala.

Tifike pa ndalama zotsazikira, zimene m'tauni amati mabenefiti, pakuti apa mpamene pagwera anthu ambiri. Tiyerekeze munthu amene anali kulandira K4,000 pa mwezi ndipo wagwira zaka 10. Mwa lamulo lija adzalandira K80,000. Kumudzi ndalama yotere imamveka ngati phiri, ndipo mbiri yake imafika mwini wake asanafike. Koma tawerengani bwino: ndi malipiro a miyezi 20 cabe. Akacotsapo ngongole, lendi yotsalira ndi lole yonyamula katundu kucokera ku Copperbelt kufika ku Lundazi, zatsala za caka cimodzi ndi theka kapena kuceperapo, ndipo pambuyo pake kulibenso tsiku la malipiro.

Ndalama imeneyi ili ndi abwenzi ambiri. Amabwera acibale amene sanalembepo kalata; amabwera a malonda a miyala ya mtengo wapatali ofuna wothandizana naye; amabwera olonjeza kuti ndalama ikaikidwa kwa iwo idzaswana kawiri pa mwezi; amabwera ogulitsa minibasi yotopa imene pa mwezi wacitatu idzakhala itagona pa miyala, nkhuku zili kuikira mazira m'kati mwake. Mwini ndalama nayenso, pofuna kuphimba manyazi, amagulira mudzi wonse mowa kuti aoneke kuti akali bwana, ndipo ena amafika pa kutenga mkazi waciwiri. Amene anaona za m'ma 1990 adzakumbukira kuti mu 1993 mitengo ya zinthu inakwera pafupi-fupi katatu m'caka cimodzi, kotero kuti ndalama zosungidwa m'sutukesi zinasanduka mapepala cabe, ndiponso kuti mu 1995 banki ya Meridien inagwa ndi ndalama za anthu. Anchito ambiri a ZCCM anagulitsidwa nyumba za kampani, mtengo wake nucotsedwa pa mabenefiti ao, natsala ndi makoma abwino opanda ufa m'kati mwake.

Langizo langa ndi lakuti miyezi itatu yoyamba munthu asagule kanthu kakakulu, pakuti mtima wopwetekedwa suwerengera bwino. Ndalama ikhale ku banki yodziwika, mkazi adziwe ciwerengero cake, ndipo igawidwe poyera: cakudya ca banja kufikira kukolola koyamba, zofunika za ana, ndi zolimira kapena zipangizo za luso limene munthuyo alidziwa kale. Ngakhale Boma linacotsa malipiro a sukulu mu 2022, yunifomu, nsapato ndi makope zikali pa khosi la kholo. Malonda amene sanawacitepo awayambe ndi ndalama imene ikatayika sadzalira. Ndipo inu acibale amene munadya za munthuyu zaka zonsezi, ino ndiyo nthawi yanu yobweza. Musamuyandikire ndi mbale.

Si onse ayenera kubwerera kumudzi. Amene ali ndi nyumba yake m'tauni ndi luso la m'manja angapeze bwino pokhala konko. Mau akuti anthu abwerere kumunda anamveka kwambiri m'nthawi ya Pulezidenti Kenneth Kaunda, ndipo anali ndi nzeru yake, koma khasu silimvera tsiku limodzi munthu amene analisiya zaka 25. Wobwerera aganize za nyengo. Wofika mu Ogasiti kapena Seputembala ali ndi nthawi yoonana ndi anyakwawa, kupatsidwa munda, kuswa mphanje ndi kumanga. Wofika mu Januwale wafika pa njala, nthawi yobzala itapita, ndipo adzadya za m'thumba kufikira masika a caka cinaco. Feteleza wa FISP sapatsidwa kwa munthu pakuti wangofika. Ayenera kukhala m'kabungwe ka alimi ndi kulembetsa kwa mlangizi wa za ulimi nthawi ikalipo. Caka coyamba alime pang'ono, cimanga ca kudya, nshawa, ndi kadimba ka ndiwo zamasamba, ndipo asacite manyazi kufunsa mng'ono wake amene sanapite patali ndi sukulu koma adziwa nthaka.

Pa nkhani ya munda mafumu ndi eni mbumba acite cilungamo. Munda wa makolo umene unabwerekedwa kwa wina pamene mwini wake anali ku walale ndiwo umautsa ndeu zambiri, ndipo ndeu zotere zimathera m'kunenerana ufiti. Nkhaniyo ikambidwe pabwalo munthuyo asanafike. Palinso mkazi wake, amene mwina ndi Mbemba kapena Mlamba wobadwira m'komboni, wosazolowera kusinja kapena kusenza mtsuko, ndi ana olankhula Cibemba amene anzao adzawaseka. Mkazi ameneyu wasiya kwao kutsata mwamuna wopanda nchito. Akanakhoza kutsala, koma sanatsale. Apongozi ndi alamu amene amamucha mkazi wa m'tauni amene anatha ndalama ali kugwedeza mzati umene wagwiriza nyumba yonse.

Komatu njala si ndiyo mdani wamkulu wa wothedwa nchito, pakuti pamudzi munthu sagona ndi njala abale ake akudya. Nchito siipatsa munthu ndalama zokha. Imamuuza nthawi yodzuka, imampatsa anzake oceza nao, imampatsa ndi dzina lomwe: uyu ndi dalaivala, uyu ndi kalaliki, uyu ndi kapitao. Zonsezi zimatha tsiku limodzi. Kumudzi amene dzulo anali kumpatsa mpando pa maliro lero amamulozera cipika, ndipo amamva m'mbali akunong'ona kuti wabwera cimanja-manja. Timati mwamuna salira, ndipo pakuti salira, amamwa. Kacasu amampatsa tulo ta maola awiri ndi kumuutsa pakati pa usiku maganizo ataculuka kuposa poyamba. Mkwiyo umene akanafuna kuutula pa bwana amautula pa mkazi ndi ana. Ankhoswe akaitanidwa pa ndeu zotere asaweruze ndeu yokha, ayang'anenso cimene cili pansi pake. Koma kuthedwa nchito sikupatsa munthu ufulu wokweza dzanja, ndipo mkazi womenyedwa atetezedwe.

Cisoni ca masiku oyamba ncacibadwa, monga pa maliro. Koma mukaona munthu wapitirira milungu iwiri kapena kuposerapo osadya bwino, osagona kapena kungogona usana wonse, osasamba, osafuna kuonana ndi anthu, osakondwa ndi kanthu kalikonse, akunena kuti "ine ndine katundu cabe" kapena "mukanapeza bwino ine kulibe", kapena wayamba kugawa zinthu zake ndi kutsazika mosadziwika bwino, dziwani kuti ameneyo wadwala, monga umo munthu amadwalira malungo. Si ulesi, si kulodzedwa, ndiponso si misala. Mufunseni mosabisa, mwaulemu, muli awiri: "Acimwene, kodi mumaganiza zodzipha?" Anthu amaopa kuti funso lotere limaika maganizo oipa mwa munthu, koma a za umoyo anapeza kuti silitero, limamasula munthu amene anali yekha ndi mtolo wake. Akavomera, musamusiye yekha, musamudzudzule, musamulalikire. Mankhwala a thonje ndi a mbozi za m'cimanga akatsekeredwe kwa mnansi, ndipo mupite naye ku cipatala tsiku lomwelo.

Matenda a maganizo ali ndi mankhwala ndi uphungu, ndipo anthu amacira. Ambiri akamva za Chainama ku Lusaka amacita mantha, koma sikuti aliyense amatumizidwa kumeneko. Kiliniki ya kwanu ndiyo poyambira, ndipo zipatala zazikulu monga Chipata Central ndi St Francis ku Katete zimaona odwala otere. Mu 2019 Boma linakhazikitsa lamulo latsopano la Mental Health Act m'malo mwa lija la atsamunda limene linali kuona wodwala maganizo ngati munthu wofunika kutsekeredwa. Pali ndi nambala yaulere ya lamya, 933, ya bungwe la Lifeline/Childline Zambia, kumene munthu angalankhule ndi mlangizi mwacinsinsi. Abusa, ansembe ndi mashehe ali ndi gawo lao lalikulu pa kutonthoza, ndipo anzeru mwa iwo amapemphera ndi wodwala namuperekeza ku kiliniki.

Zonse ndanenazi zikhudzanso akazi, ngakhale ndachula amuna kwambiri. Mtsikana wocotsedwa nchito ya m'nyumba kapena ya m'sitolo kawiri-kawiri amabwera wopanda kalata, wopanda mabenefiti, mwina ndi mwana kumsana, ndipo mudzi umamuweruza mowawa kuposa mwamuna. Nayenso ali ndi ufulu wokadandaula kwa ofisala wa za nchito, pakuti Boma limaika malipiro ocepetsetsa a anchito a m'nyumba ndi a m'masitolo, ndipo wolemba nchito sangangomutsegulira geti ndi kumpatsa ya basi yokha. Amai a cilimba ndi a banki ya m'mudzi amulandire m'gulu lao ngakhale ayambe ndi kandalama kakang'ono.

Ndipo mudzi umupatse wobwerayo cocita. Munthu amene wakhala zaka 15 pa mgodi kapena m'fakitale wabwera ndi zinthu zimene mudzi ulibe: adziwa kuwocherera, kukonza pampu, kumanga, kuyendetsa galimoto, kusunga mabuku a ndalama, kulemba kalata ya ku ofesi. Mijigo yakufa ili mbwee m'midzi yathu, ngolo zothyoka zagona kuseri kwa makola, zigayo zimaima mlungu wathunthu kudikira makanika wocokera pa Boma. Mu 2022 thumba la citukuko la CDF linakwezedwa kufika K25.7 miliyoni pa dera lililonse la phungu wa Nyumba ya Malamulo, ndipo lakhala likuonjezedwa kuyambira pamenepo. M'thumba limeneli muli ngongole ndi mphatso za timabungwe, ndiponso nchito zomanga makalasi ndi kupanga madesiki zimene Boma limafuna kuti zipatsidwe kwa anthu a m'dera lomwelo. Magulu ambiri amalephera kupeza ndalamazi kaamba kosowa wodziwa kudzaza mafomu ndi kusunga malisiti. Anyakwawa amene ali ndi munthu wotere m'mudzi mwao apite naye ku msonkhano wa komiti ya citukuko ya wadi, amuike pa komiti ya mjigo kapena ya sukulu, ndipo azimutuma ngakhale pa nchito zopanda malipiro. Munthu amene anthu akumudikira pa msonkhano Lacitatu m'mawa amasamba, amameta ndevu, ndipo Laciwiri madzulo amacoka msanga pa mowa.